Chilimwe cha Zikondwerero mu Mzinda Wopanda Bwalo

Seputembala akangolowa, jakaranda n'kuyamba kuyala maluwa ake m'misewu ya Blantyre, makoma a mzindawu amadzaza ndi mapositala. Amamatidwa lina pamwamba pa linzake ku Ginnery Corner, pa mapolo a magetsi ku Chichiri, pa depoti ya Wenela, pa msika wa Limbe, mpaka pa galasi la kumbuyo la minibasi ya ku Ndirande. Nkhope zake ndi za anyamata a magalasi akuda ndi matcheni m'khosi, ndipo m'munsi mwake mumandandalika mayina a makampani a mowa, a mafoni ndi a mabanki. Wailesi nazo sizipuma. Kuchokera pamenepo mpaka mvula yoyamba ya mu Novembala, palibe Loweruka lodutsa popanda chikondwerero penapake, moti amene ali ndi kangachepe m'thumba amachita kusowa kolowera.

Mumzinda momwemo muli Blantyre Arts Festival, imene a Thom Chibambo anaiyambitsa mu 2009 ndipo imakonda kuchitika mu Okutobala. Pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, holo iliyonse ndi kapinga wa hotela iliyonse amakhala ndi oimba ake. Ena mzindawo amauthawa. Magalimoto amatsatana pa Zalewa kulowera kunyanja, ku Sand Music Festival imene malemu Lucius Banda anaiyambitsa mu 2010, kapena kulikonse kumene Lake of Stars yamanga misasa chaka chimenecho, chikondwerero chomwe chinabadwira ku Chintheche mu 2004 m'manja mwa Mngelezi Will Jameson. Mwezi womwewo mabasi amasenza anthu ovala nsalu zofanana kupita kwa Chonde ku Mulanje, ku Mulhako wa Alhomwe, pomwe anzawo Achewa amakhala atabwerako kale ku Kulamba, ku Mkaika m'dziko la Zambia, kumapeto kwa Ogasiti. Mlendo wotsika ndege pa Chileka nyengo imeneyi angalumbire kuti wafika kwa anthu olemekeza luso koposa.

Amene akuyembekeza kuti ndinena kuti kuvina ndi tchimo atembenuze tsamba. Chimene chikundidya mumtima n'china. Taphunzira kukonda tsiku la chionetsero n'kudana ndi miyezi yonse imene imabala tsikulo. Tikufuna woimba wakupsa koma sitikufuna kudziwa kumene amaphunzirira, chimene amadya mu Febuluwale, kapena amene adzalowe m'malo mwake akadzagona. Miyezi itatu timachita phokoso logwedeza malata, miyezi inayo luso timalisiya pamtetete. Mwa zonse zimene zasokonekera mumzinda uno, ichi n'chimodzi chimene timachiombera m'manja.

Makolo athu sanasankhe chilimwe mwangozi. Chimanga chikalowa m'nkhokwe, makasu n'kupachikidwa, njira n'kuuma, ndi pamene mudzi unkafulula mowa wa bona, kulowetsa atsikana m'tsimba, kulonga mafumu, kutulutsa gule. Chisangalalo chinkabwera kumathero a ntchito, ndipo aliyense wofika pabwalo ankadziwa kuti thobwa akumwayo wachokera m'munda wa yani. Pabwalopo panalibe wongoonerera. Amayi ankayankha nyimbo ndi kuomba m'manja, abambo ali pa ng'oma, ana ali kutsogolo m'fumbi kuba masitepe ndi maso. Mnyamata ankayamba ndi kugogoda chitini kuseri kwa khola. Akakula pang'ono ankamutuma kukoleza moto wowambira ng'oma, kenako kumata phula, kenako kugwira mpanje, ndipo pankadutsa zaka asanamulole kukhudza mbalule, ng'oma imene imayankhulana ndi mapazi a wovina. Tsiku la gule linali limodzi, koma sukulu yake inali ya chaka chonse, ndipo panalibe amene ankaitcha sukulu.

Sindikunena kuti kale kunali kumwamba. Amene anakula nthawi ya Kamuzu akukumbukira amayi athu akutengedwa pa malole kukavina pa sitediyamu, kusiya ana ndi minda, osafunsidwa ngati akufuna. Akukumbukiranso lamulo lounika zoimba ndi zolemba la mu 1968, ndi Jack Mapanje amene anakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Zimenezo zisabwererenso. Koma ngakhale m'masiku ovutawo, mzinda wa Blantyre unali ndi chinthu chimene lero ulibe: malo amene munthu ankadziwa kuti akapitako Lamlungu masana akapeza sewero.

Ndikunena French Cultural Centre ya ku Chichiri. Kwa zaka zoposa 30 malo amenewa anali kwawo kwa aliyense wa zisudzo, wa ndakatulo ndi wa zoimba. Du Chisiza Jr, amene luso lake linaonekera ali pasukulu m'mipikisano ya zisudzo ya ATEM, anakhazikitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987, ndipo anaonetsa dziko kuti munthu angathe kudya ndi kuvala kuchokera m'zisudzo. Gertrude Kamkwatira anakulira m'manja mwake n'kudzaima payekha. A Kwathu Drama Group ankadzaza bwalo ndi masewero a m'Chichewa, anthu n'kumachita kuima m'mbali, Izeki ndi Jakobo akuseketsa mpaka nthiti kuwawa kwinaku akubaya pamene pali chilonda. Mwana wa sekondale ankasunga ndalama ya mandasi sabata yonse kuti akalowe. Ankaona mmene munthu amaimira pa siteji, mmene amaponyera mawu kuti wa kumbuyo amve popanda chinkuzamawu, n'kubwerera kusukulu kukayeserera ndi anzake m'kalasi. Pa wailesi ya MBC ankamva Sewero la Sabata Ino, Kapalepale, Pamajiga. Luso linkamuzungulira sabata ndi sabata, dzuwa kaya mvula.

Mu 2011 Afalansa anatseka malowo, ndipo anadzakhala m'manja mwa boma. M'kati mwa kusinthana manjako, anthu analowamo n'kusakaza, kuzula ndi kunyamula chilichonse chonyamulika. Sanali atsamunda amene anachita zimenezo. Anali anthu athu omwe, mwina ena mwa iwo anasekapo pa mabenchi omwewo. Lero malowo amatchedwa Blantyre Cultural Centre, ndipo kukonza kwake kwakhala kukulonjezedwa, kuyambidwa, kuima, kulonjezedwanso, kwa zaka zoposa 10. Nduna zabwera ndi kupita, iliyonse kuyendera malowo atolankhani ali pambuyo, kupukusa mutu, kunena kuti zimenezi n'zomvetsa chisoni. Du anatisiya mu 1999, Gertrude mu 2006, John Nyanga (Izeki) mu 2016, Eric Mabedi (Jakobo) mu 2021. Funsani mwana wa Fomu 3 ku Zingwangwa kuti anaonapo sewero la pa siteji liti, adzakuonetsani kavidiyo ka masekondi 40 pa foni. Mzinda umene Asikoti anaikapo mishoni yawo mu 1876, mzinda wa mabanki ndi mafakitale, umatha kumanga malo omwetsera mafuta atatu mumsewu umodzi, koma walephera kusamala nyumba imodzi ya zisudzo. Ndiye Okutobala akafika timabwereka matenti, kuimika siteji ya zitsulo Lachinayi n'kuigwetsa Lolemba, n'kumauzana kuti zaluso zikupita patsogolo.

Amene anafikapo msanga pa zikondwerero zimenezi amadziwa zimene zimachitika dzuwa lisanapendeke. Cha m'ma 2 koloko masana, kutentha kuli pachimake, pamafika kalole kotsitsa gulu la tchopa lochokera cha ku Thyolo kapena ku Phalombe. Anyamuka m'bandakucha. Abambo amavala zikopa zawo kuseri kwa tenti, kumanga mitolo yawo kumsana, amayi kukonza zitenje, wina kusakasaka udzu woti ayatse awambire ng'oma, mlonda n'kumuletsa kuti awononga kapinga. Amawaitana pa siteji nthawi imene mipando ya pulasitiki ili mbee, kupatula ogulitsa kanyenya amene akukoleza makala ndi mnyamata wa zokuzira mawu amene akuyesa zida za oimba a usiku, moti ng'oma zikulira uku, iye akugogoda maikolofoni uko. Amavina ndi mtima wonse, fumbi kobo, thukuta kamukamu. Wojambula mmodzi amatola zithunzi zingapo, zimene zidzalowe m'lipoti lopita kwa othandiza ndi ndalama monga umboni woti chikondwererochi chimalimbikitsa chikhalidwe. Akatsika, mkulu wa gululo, bambo wa imvi amene kwawo anthu amamugwadira, amayamba kulondola kamnyamata kovala baji m'khosi.

"Achimwene, nanga za thiransipoti yathu ija?"

"Agogo, tadikirani pang'ono, abwana atuluka. Mwalandira kale zakumwa, eti?"

Amadikira. Mdima ukamagwa, magalimoto n'kuyamba kudzaza, alonda amawapempha kuti asunthire kunja kwa mpanda chifukwa alibe zibangili za pamkono. Tchopa ameneyu bungwe la UNESCO linamulemba m'kaundula wa chuma cha anthu onse mu 2014, monga linachitira ndi Gule Wamkulu ndi Vimbuza zaka zingapo m'mbuyomo. Timanyadira zimenezo m'zoyankhula za pa mwambo wotsegulira. Eni gulewo amabwerera kwawo usiku, ali pamwamba pa ng'oma zawo, ndi ndalama yosakwana ndi thumba la feteleza lomwe.

Tsono yerekezani ndi mlendo wa pakati pa usiku. Iye dzina lake ndi limene lili m'zilembo zikuluzikulu. Amalipidwa m'madola, gawo lina asanakwere n'komwe ndege, m'dziko limene madola amasowa ogulira mankhwala ndi mafuta, limene kwacha yake inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amamuchingamira ndi mdipiti wa magalimoto, kumugoneka m'chipinda chapamwamba, kumufunsa madzi amene amamwa. Sindikuti alendo asabwere. Akulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo achinyamata amene anaona Busy Signal wa ku Jamaica kapena Diamond Platnumz wa ku Tanzania ali pa mchenga wa nyanja yathu anatolapo kanthu pa kakonzedwe ka siteji ndi kasungidwe ka gulu. Koma kalumoko timakaona liti, poti mlendo amafika madzulo, kuimba ola limodzi, nthawi zina mongotsatira nyimbo zojambula kale, n'kunyamuka m'mawa? Ndi kangati pamene timamupempha kuti akhale tsiku limodzi ndi ana a sukulu, kapena ndi oimba athu, awaonetse mmene amagwirira ntchito? Timagula dzina lake kuti tijambulitse nalo, basi. Ndipo woimba wa kwathu amene watenthetsa siteji kwa maola atatu amauzidwa kuti asadandaule za malipiro chifukwa wapeza mwayi woonekera. Kuonekera sakagulira ufa ku chigayo.

Khalidwe lonyoza chathu ndi lakale, koma zikondwerero zaliveka suti. Allan Namoko, wosaona wa ku Thyolo amene banjo yake ndi Chimvu River Jazz Band inkamveka m'nyumba iliyonse ya wailesi, anamwalira mu 1995 ali wosauka. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anakaimba ku Ulaya mu 1972, ndipo katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, ndiye anatha zaka akulemba ndi kujambula luso lawo, ife tili pompano. A Giddes Chalamanda, obadwa mu 1930, anaimba moyo wawo wonse m'mabala ndi m'misika, ndipo dziko linachita kudzidzimuka nawo ali ndi zaka 90, nyimbo yawo ya Linny Hoo itafala pa intaneti atayiimbanso ndi Patience Namadingo. Anyamata awiri a Madalitso Band ankaimba m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni wawo wopanga okha, anthu n'kumawadutsa, mpaka pamene Zanzibar ndi Ulaya anawaitana. Pamenepo ndiye tinayamba kunena kuti ndi athu. Akaidi a ku ndende ya Zomba anafika pa mndandanda wopikisana pa mphoto ya Grammy, ife tisanamve n'komwe kuti amaimba. Nthawi zonse timadikira wakunja atiuze kuti chili pakhomo pathu n'chokoma.

Nanga ife oonerera? Apa ndiye pamene mtima wanga umalemera kwambiri, chifukwa okonza zikondwerero amangogulitsa chimene ife tikugula. Bwalo la makolo linali lozungulira, mfumu ndi mkamwini ankapuma fumbi limodzi. Bwalo la lero ladulidwa ndi mipanda. Kuli wamba, kuli VIP, ndipo poona kuti VIP yachuluka anthu, anabweretsa VVIP, kumene kuli masofa ndi mabotolo oikidwa m'zidebe za ayezi. Amene akhala kumeneko nthawi zambiri amafulatira siteji. Sanabwerere nyimbo, abwera kudzaonedwa kuti anabwera. Kutsogolo kwa siteji nako manja amene akanaomba ali m'mwamba kugwira mafoni, aliyense kujambula chinthu chimene sadzachionanso, kuti anzake a pa WhatsApp adziwe kuti iye sanatsale. Woimba akasiya mzere kuti khamu liyankhe, nthawi zina limayankha, koma akangoyesa nyimbo yatsopano, kapena yodekha yofuna khutu, anthu amabalalika kupita ku bala.

Ndipo ndalama zake zimachokera kuti? Ulendo wa masiku atatu kunyanja, kuwerengera tikiti, mafuta, pogona ndi zakumwa, umameza malipiro a mwezi wathunthu a mlonda amene watsala akulondera nyumba. Ena amakwanitsa, ndi zawo. Koma tonse tikuwadziwa anzathu a mu ofesi amene amatenga katapila kapena kukongola ku banki mkhonde ya akazi awo kuti akaonekere pa mchenga, n'kubwerera Lolemba kudzapeza lendi isanalipidwe ndi mwana atabwezedwa kusukulu. Tikuwadziwanso abambo a mabanja awo, a mipando ya kutsogolo ku tchalitchi, amene kunyumba amatsanzika kuti akupita ku msonkhano wa kuntchito, m'galimoto mutakhala mtsikana wa msinkhu wa mwana wawo. Zidyamakanda zimenezi sizibisalanso, nyengo ino ndi yawo. Tikiti imene mtsikana wa ku koleji sangaikwanitse amamugulira ndi iwo, ndipo mtengo wake weniweni amakaulipira yekha. Lolemba m'mawa timamva za ngozi pa msewu wa kunyanja, timapukusa mitu, n'kufunsana kuti Loweruka likubwerali kuli chiyani.

Wachinyamata wina adzandiyankha kuti, "Madala, inu nthawi yanu inatha. Zikondwererozi zimapatsa anthu ntchito." Akunena zoona, ndipo sindimutsutsa. Mayi wa chiwaya cha tchipisi, mnyamata wa kabaza, wosoka zovala za chitenje, wosema ziboliboli, mwini nyumba zogona alendo ku Senga Bay, onsewa amapeza kangachepe. Okonza ambiri si akuba ayi. Ena amagulitsa galimoto zawo kuti alipire ngongole za chikondwerero chimene sichinapindule, ndipo munthu amene wagwira chikondwerero cha zaluso mu Blantyre chaka ndi chaka kuyambira 2009, ndi thandizo loperewera, ayenera kuvulidwa chipewa. Lucius Banda, amene anatisiya mu Juni 2024, anakweza oimba ambiri achinyamata pa siteji yake ndi m'gulu lake la Zembani. Ndipo kuli chitsanzo chimene chimatichititsa manyazi tonse. Ku Dzaleka, m'boma la Dowa, wothawa kwawo wochokera ku Congo, mlakatuli Menes La Plume, anayambitsa Tumaini Festival mu 2014. Polowa salipiritsa. Alendo amagona m'nyumba za othawa kwawowo, kudya zimene eni nyumba aphika, ndipo ana a mumsasamo amakhala akuyeserera magule ndi nyimbo zawo miyezi yambiri tsikulo lisanafike. Anthu amene alibe dziko, amene saloledwa n'komwe kukhala kunja kwa msasa mwaufulu, akumbukira chimene ife eni nthaka taiwala, chakuti chikondwerero ndi cha mudzi wonse kapena si chikondwerero.

Zikondwerero za mitundu nazo, zimene zikanatiphunzitsa, zadwala matenda ena. Cholinga chake n'chabwino: kuti mwana wa Chilhomwe wobadwira ku Bangwe amve chiyankhulo cha agogo ake, kuti Mngoni wa ku Chilomoni aone ingoma yeniyeni. Koma tsikulo likafika, maola abwino amathera m'kulonjera olemekezeka. Ovina amaima padzuwa kudikira kuti bwana wamkulu afike, akafika magule amadulidwa pakati kuti nthawi ya zoyankhula ikwane, ndipo chaka cha chisankho chikayandikira, mitundu ya nsalu za zipani imachuluka kuposa zikopa ndi mikanda. Mawa lake nyuzipepala imalemba amene anabwera, amene sanabwere, ndi amene anapereka ndalama zingati. Za nyimbo imene inaimbidwa, za nkhalamba imene ndi yokhayo yotsala yodziwa kuimba mkangala kapena bangwe m'dera lonselo, simupezamo mzere. Tinkadandaula kuti Kamuzu anasandutsa magule athu chida cha ndale. Lero palibe amene akutikakamiza, tikudzipereka tokha.

Pali chinanso chimene chazimirira pa masiteji athu, ndicho mawu olasa. Kale boma linkaopa oimba ndi a zisudzo, n'chifukwa chake linkawaunika. Lucius anatchedwa msilikali wa amphawi chifukwa ankanena zimene anthu ankanong'onezana. Evison Matafale, wa ku Chileka, anafera m'manja mwa apolisi mu Novembala 2001 atalemba kalata yodzudzula olamula. Lero bungwe lounika silifunikanso kutuluka thukuta, chifukwa woimba amadziunika yekha. Akudziwa kuti chikwangwani chili kumbuyo kwakecho ndi cha kampani imene sifuna mikangano, ndipo mlendo wolemekezeka wakhala kutsogoloyo ndi amene angamuitane kukaimba pa msonkhano wa chipani. Ndiye amaimba za chikondi, za mowa, za adani omuchitira nsanje. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope n'kukwirira mabanja ku Chilobwe, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anataya miyoyo. Miyezi ingapo m'mbuyo mwake kolera inali itatenga anthu ochuluka kuposa pamenepo. Alipo oimba ndi alakatuli amene analira nafe, ndipo ena anasonkhetsa thandizo. Koma pofika Okutobala wa chaka chomwecho, nyengo ya zikondwerero inayenda monga mwa masiku onse, mtunda wochepa chabe kuchokera pamene anthu anakumba abale awo ndi makasu. Makolo athu akanayamba afulula mowa wa chikumbutso, kutchula mayina a omwe anapita, kuwavinira, kenako n'kusangalala. Ife tinangokweza masipika.

Mlimi aliyense amadziwa kuti njala ikavuta motani, mbewu sadya. Ife tikudya mbewu. Oimba amene akudzaza masiteji lero anaphunzira kwinakwake: m'makwaya a tchalitchi, ku Alleluya Band ya ku Balaka, m'mabwalo a ku Chileka, kwa amalume awo amene anali ndi gitala ya chigubu. Tikuwakolola, koma sitikubzala. Ku pulayimale kuli phunziro la Expressive Arts, koma mphunzitsi amene ali ndi ana oposa 100 pansi pa mtengo, wopanda ng'oma ngakhale imodzi, amangolemba pa bolodi mayina a magule kuti ana aloweze pokonzekera mayeso. Mwana amadziwa kulemba kuti beni ndi gule wa Ayao, koma sanamuonepo. Makolo a m'tauni, omwewo amene amalipira matikiti a VIP, mwana wawo akanena kuti akufuna kuphunzira gitala kapena kulowa gulu la zisudzo amamukalipira kuti asiye zachibwana. Kunyumba amamuletsa kuyankhula Chichewa kuti Chingerezi chisaonongeke, ndipo pa tsiku la chikhalidwe kusukulu amamugulira chitenje ndi kansengwa kuti akajambulitse. Osema ng'oma akutha, ndipo mitengo ikuluikulu yosemera inapita kale ku makala. Yang'anani phiri la Ndirande mmene lilili mbee, muuzeni mwana kuti panali nkhalango, aziyesa nthano.

Zofunika sizodabwitsa, ndipo si zodula kuposa zimene timamwaza usiku umodzi. Kampani imene imalipira ndege ya woimba wakunja ingathe kulipira mphunzitsi wa zoimba chaka chathunthu m'sukulu zingapo za ku Ndirande ndi ku Mbayani. Khonsolo ya mzinda ili ndi maholo m'matauni ake amene amangobwerekedwa maukwati ndi misonkhano ya mapemphero. Bungwe loteteza umwini wa zaluso la COSOMA lakhalapo kuyambira 1992, ndondomeko ya dziko ya zachikhalidwe inavomerezedwa mu 2015, mapepala alipo okwanira. Koma ntchito yophunzitsa mwana kugwira mbalule ilibe riboni yoti nduna idule, ilibe malo opachikapo chikwangwani cha kampani, ndipo zipatso zake zimaoneka patatha zaka 15, amene anapereka ndalamayo atachoka kale pa mpando. N'chifukwa chake palibe amene amaifuna.

Mvula ikagwa mu Novembala, matenti amapindidwa. Woimba gitala amene anagwedeza khamu amabwerera ku kabaza wake, kapena kukaimba m'bala Lachisanu kuti apeze ya ndiwo. Wa zisudzo amadikira bungwe lina limuitane kukachita sewero lophunzitsa anthu kusamba m'manja, chifukwa sewero lolipidwa latsala ndi lokhalo. Gulu la tchopa limalowa m'munda, ndipo anyamata ake awiri atatu amanyamuka ulendo wa ku Joni, osabweranso. Kuyambira Disembala mpaka Ogasiti palibe amene amawafunsa kuti ali bwanji. Komiti yokonza chikondwerero idzakumananso cha mu Julayi, ndipo nkhani yoyamba kukambidwa idzakhala yakuti chaka chino tiitane ndani wakunja, nanga madola ake tikawapeza kuti.